Chuck ya Nova G3 pa lathe yanga: zomwe ndaona chiigulireni

Ndinayamba ntchito ya pa lathe, makina osemera mtengo ukuzungulira, ndi miyendo ya matebulo ndi ya mipando, monga amisiri ambiri kuno ku Ndirande. Ntchito imeneyo sifuna chuck, chitsulo cha nsagwada chimene chimagwira mtengo mbali imodzi pa lathe. Mtengo umaupanitsa pakati pa misonga iwiri, wina kumutu wina kumchira, n'kuyatsa makina basi. Zinthu zinasintha tsiku limene mayi ena ogulitsa ziboliboli m'tauni anafika pa shedi yanga n'kundifunsa kuti, "Bambo, mungandisemereko mbale za mbawa?" Ndinavomera msanga chifukwa ndalama yake inali yabwino. Koma mbale siisemeka mkati ikakhala yopanidwa uku ndi uku. Kukamwa kwake kumafunika kukhale poyera kuti chizulo chilowe, ndiye kuti mtengo wonse uyenera kugwiridwa mbali imodzi yokha, uku ukuzungulira mwaliwiro.

Mbale zoyambazo ndinasema pa faceplate, chitsulo chophwatalala chija chimene umachimangirira ku mtengo ndi masikuluu. Faceplate imagwira zolimba, ndipo mpaka pano chipika chikakhala chachikulu kwambiri ndimabwerera kwa iyo. Chovuta chake n'chakuti masikuluu amasiya maenje pansi pa mbale. Ukafuna kuwathawa, uyenera kusiya mtengo wochindikala kumatako n'kudzaudula pomaliza, ndipo mbawa masiku ano si mtengo woutaya choncho. Ine ndinkatseka maenjewo ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Mayi aja atabwera kudzatenga katundu, chinthu choyamba chimene anachita ndi kutembenuza mbale n'kuyang'ana pansi. Anati, "Ogula anga amayambira kuno kuyang'ana." Anatenga, koma anandidula mtengo.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa chinthu chimene ndikufuna anzanga muchipewe. Pamsika ndinapeza chuck yakale ya nsagwada zitatu, yochokera pa lathe yosemera zitsulo. Inali yotsika mtengo, yolemera bwino, ndipo mmisiri wa zitsulo anandipangira chomangira kuti ikhale pa shafuti yanga. Ndinkaona ngati ndapeza njira. Patatha masabata angapo, ndikukumba mkati mwa mbale ya mango, chizulo chinakodwa pang'ono, mbale inasolotoka n'kukamenya lata la shedi. Mnyamata amene ndimamuphunzitsa ntchito anali ataima chapafupi. Mbaleyo inadutsa pambali pa phewa lake. Usiku umenewo sindinagone bwino, ndipo m'mawa mwake chuck ija ndinaichotsa.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Nsagwada za chuck ya zitsulo ndi zopyapyala, zimaluma malo atatu ang'onoang'ono. Pa chitsulo zimenezo n'zokwanira popeza chitsulo sichinyenyeka. Mtengo ukaufinya pa malo ochepa chotero umangophwanyika mkati, ndiye pamene ukuganiza kuti walimbitsa, m'pamene wafooketsa pogwira. Komanso nsagwada zake zimatulukira kunja ngati masitepe, ndipo zikamazungulira sizioneka. Zala zikayandikira zimasenda khungu. Chuck ya mitengo ili ndi nsagwada zinayi zokhota, zimene zikakumana zimapanga bwalo lozungulira mtengo wonse, ndipo zonse zinayi zimayenda pamodzi ukapotokola kiyi, motero mtengo umakhala pakati wokha.

Nditaganiza zogula yeniyeni, ndinayamba ndi kufunsa kuti ndi kampani iti yabwino. Funso limeneli linali lachiwiri, ine n'kuliyesa loyamba. Loyamba ndi la mazinga a shafuti ya lathe yako. Chuck imalowa pa shafuti ngati nati pa bawuti, ndipo mazinga amenewa sali ofanana pa makina onse. Ma lathe ang'ono ndi apakati ambiri ali ndi 1" x 8 TPI, kutanthauza shafuti ya inchi imodzi m'mimba mwake, ya mazinga 8 pa inchi iliyonse. Akuluakulu ambiri a ku America ali ndi 1¼" x 8 TPI. A ku Ulaya amakono amakonda M33 x 3.5, ena a ku Australia M30 x 3.5, ndipo akale a ku Britain monga a Record Power ali ndi ¾" x 16 TPI. Kuno kwathu makina amabwera kuchokera kulikonse, ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito, opanda buku lake, ena ofufutika ndi dzina lomwe, choncho palibe chimene ungangoganizira.

Ziwiri zimene zimapusitsa kwambiri ndi M33 ndi 1¼". Ina ndi mamilimita 33, inayo ndi 31.75, mazinga a yoyambayo atalikirana mamilimita 3.5, a yachiwiriyo 3.175. Ndi maso okha zimaoneka chimodzimodzi. Mnzanga wina wa ku Chirimba anaitanitsa chuck ya M33 pomwe lathe yake ndi ya 1¼". Inalowa kazinga kamodzi kapena awiri ikugwedezeka, kenako n'kuuma. Anafuna kuikakamiza ndi sipanala, koma tinamuletsa, chifukwa ukawononga mazinga a shafuti wawononga lathe yonse. Kubweza katundu ku Joni si nkhani yapafupi, ndiye chuckyo inakhala m'bokosi miyezi ingapo mpaka anapeza woigula.

Ine ndinayeza chonchi. Ndinabwereka choyezera kunenepa chotchedwa vernier n'kuyeza kunenepa kwa shafuti pamwamba pa mazinga, inapereka pafupifupi mamilimita 25.4. Kenako ndinaika rula m'mbali mwa shafuti n'kuwerenga mazinga pa inchi imodzi, anakwana 8. Ndinabwereza katatu, ndinajambula ndi foni rula ili pomwepo, n'kutumiza chithunzicho kwa alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Iwo ndi amene anapita kusitolo yogulitsa zida za matabwa. Ndinawauza kuti, "Alamu, musalole wogulitsa akuuzeni kuti iliyonse ilowa. Muwaonetse chithunzicho." Katunduyo anabwera pa basi, njira ija ya ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ndipo ndinakamulandira ku Wenela. Munali kumayambiriro kwa 2023. Ndimathokoza kuti ndinagula nthawi imeneyo, chifukwa mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo moti ndikadadikira sindikadakwanitsa. Mtengo wake sindiulemba pano poti wa lero sukhala wa mawa. Ndingonena kuti inandidyera ndalama ya matebulo angapo, kuphatikiza ya basi ndi msonkho.

Imene anandigulira ndi Nova G3, yopangidwa ndi kampani ya Teknatool ya ku New Zealand. M'bokosi munali chuck yeniyeniyo, nsagwada za mamilimita 50, kiyi wa chogwirira chopingasa, sikuluu yaikulu imene amaitcha woodworm, ndi tizipangizo tomangira. Insert tinagula padera, ndipo apa pali nkhani. Ma chuck ena amabwera ndi mazinga odulidwa m'thupi mwake momwemo, ndiye amalowa pa shafuti ya mtundu umodzi wokha. Ena, monga yangayi, ali ndi bowo lalikulu kumbuyo limene umamangamo insert, kachitsulo ka mazinga oyenerana ndi lathe yako. Ukadzasintha lathe umangosintha insert, chuck n'kukhala yomweyo. Kwa mmisiri wa kuno, amene lero ali ndi makina awa koma mawa akhoza kupeza ena, ndikuona kuti ya insert ndiyo yanzeru. Kwa amene lathe yawo ndi yowotcherera konkuno, ya mota ndi mabering'i pa njanji za chitsulo, palinso insert yosadulidwa mazinga imene mmisiri wa zitsulo angaidule kuti igwirizane ndi shafuti yanu. Koma pezani mmisiri wosamala, chifukwa insert ikapendekeka pang'ono pokha, mbale iliyonse imene mudzaseme idzazungulira ikuvina.

Za kukula kwake. Lathe yanga imazunguza mtengo wosapitirira mainchi 12 m'mimba mwake, ndipo G3 inapangidwira makina a msinkhu umenewu, mpaka cha m'ma mainchi 14. Pali mtima wofuna kugula yaikulu kwambiri poganiza kuti ikhala yamphamvu. Chuck yolemera pa lathe yaing'ono imalemetsa mabering'i, imachedwetsa mota kunyamuka, ndipo imatenga malo amene mtengo ukadakhala. Ngati makina anu ndi aakulu, a mainchi 16 kupita m'tsogolo, yang'anani zazikulu monga SuperNova2 ya kampani yomweyi, Stronghold ya Oneway ya ku Canada, kapena VM120 ya Vicmarc ya ku Australia. Za msinkhu wa yangayi ziliponso zina zotchuka: Talon ya Oneway, VM100 ya Vicmarc, SC3 ya Record Power. Ine ndinasankha Nova pa zifukwa ziwiri: ndi imene alamu anaipeza mosavuta, ndipo nsagwada za Nova zimalowana pa ma chuck awo ambiri, motero zimene ndingagule lero sizidzatayika ndikadzakula.

Tsopano mmene imagwirira ntchito. Chimene chinandisangalatsa tsiku loyamba ndi kiyi. Pali ma chuck otsika mtengo amene umamanga ndi timitengo tiwiri tachitsulo, kamodzi kugwira kena kukoka, ndiye manja onse awiri ali pamenepo, mbale n'kumafuna dzanja lachitatu. Pa G3 dzanja limodzi limagwira mbale, lina likupotokola kiyi. Pali mabowo awiri olowetsamo kiyi, ndipo ine ndimamanga konse kuwiri, kaye uku kenako uko. Chinthu chimodzi muyenera kuchidziwa: yanga ndi ya mtundu wakale umene nsagwada zimatseka ukapotokolera mbali imene bawuti imamasukira. Dzanja la mmisiri linazolowera mbali inayo, choncho ndinajambula muvi ndi penti pathupi pake kuti mnyamata wanga asasokonezeke. Zatsopano zimene amazitcha PRO-TEK zimatseka mbali yomwe tinazolowerayo. Pogula funsani kuti ndi iti.

Woodworm ija ndi imene inandichotsera faceplate pa mbale zambiri. Ndimaboola bowo limodzi la mamilimita 8 pakati pa chipika, mbali imene kudzakhale kukamwa kwa mbale, n'kuchipotokolera pa sikuluuyo mpaka chitakhudza nsagwada. Ndimabweretsa msonga wa kumchira kuti uthandize kugwira, n'kusema kunja konse kwa mbale pamodzi ndi tenoni, kachitsa kozungulira kotsala kumatako kwake koti nsagwada zigwirepo. Ndikatero ndimatembenuza, nsagwada n'kuluma tenoniyo, n'kukumba mkati. Bowo la sikuluu limachoka pamodzi ndi utuchi. Palibenso maenje pansi pa mbale.

Pa tenoni m'pamene ndikufuna kuchedwapo, chifukwa ndaona kuti amisiri ambiri amene amadandaula kuti chuck siigwira, vuto limakhala pamenepa. Ngakhale ine, mbale yachitatu imene ndinasema pa G3 inagwedezeka n'kupendekeka, ndipo nditaiyang'anitsitsa ndinapeza kuti tenoni ndinaisema molakwika. Inali yaitali kwambiri moti inakafika pansi m'kati mwa nsagwada, mapewa a mbale n'kutsala m'malere. Mphamvu ya chuck siili pa kuluma kokha. Ili pa kukhudzana kwa nkhope ya nsagwada ndi phewa lophwatalala limene wasema mozungulira tenoni. Phewa limenelo ndi limene limakana mbale ikafuna kupendekeka pamene chizulo chikukankha m'mphepete. Ndiye tenoni izikhala yaifupi kuposa kuya kwa nsagwada, ndipo phewa likhale losalala, lopanda kanthu pakona.

Chachiwiri ndi kunenepa kwake. Nsagwada zinayi zija zinadulidwa kuchokera ku bwalo limodzi, choncho zimapanga bwalo lenileni zikakhala pafupi kutsekeka. Ukazitsegula kwambiri kuti zilandire tenoni yaikulu, nsagwada iliyonse imangokhudza mtengo ndi makona ake awiri, ndiye wabwerera ku vuto lija la kuluma malo ochepa. Ine ndinatseka nsagwada n'kusiya mpata wa mamilimita awiri kapena atatu pakati pake, ndinayeza bwalo la mkati, n'kudula kathabwa koyezera kamene kamapachikidwa pa msomali pafupi ndi lathe. Tenoni iliyonse imayesedwa ndi kathabwa kameneko isanatembenuzidwe. Yang'ananinso maonekedwe a mkati mwa nsagwada zanu, ngati ndi zopendekeka kapena zoongoka, ndipo tenoni muiseme mofanana nazo.

Njira ina ndi kukumba kadzenje pansi pa mbale, nsagwada n'kulowa n'kutambasukira kunja. Pa mbale zophwatalala ndi matileyi a mlombwa njira imeneyi imandikomera chifukwa pansi pamatsala poyera. Koma mtengo umapirira kufinyidwa kuposa kukankhidwa kuchokera mkati, ndiye ngati simusiya mnofu wokwanira kuzungulira kadzenjeko, umang'ambika motsata mitsempha yake. Pa malaina ndi paini, mitengo yofewa, ndimasankha tenoni nthawi zonse. Mtengo wauwisi nawo uli ndi khalidwe lake: mango ongodulidwa kumene amanyala pamene nsagwada zaluma, choncho ndikasema kwa mphindi zingapo ndimaimitsa makina n'kumanganso. Magetsi akazima ntchito ili mkati, akabwera sindiyatsa ndisanagwire kiyi kaye.

Liwiro silichokera kwa chuck, koma ziwirizi zimayenda limodzi. Pali muyeso umene osema ambiri amatsata: kukula kwa mtengo m'mainchi ukakuchulukitsa ndi liwiro la makina, yankho likhale pakati pa 6,000 ndi 9,000. Ndiye mbale ya mainchi 10 izizungulira maulendo 600 mpaka 900 pa mphindi, ndipo chipika chikakhala chisanalingane, yambani pansi pa pamenepo. Lathe yanga ndi yosintha lamba pa mapule, choncho ndimayamba pa pule yochedwa kwambiri. Ndipo poyatsa sindiima moyang'anizana ndi m'mphepete mwa mbale. Mnyamata wanga ndinamulembera mzere pansi ndi choko, malo amene saloledwa kuima makina akamanyamuka.

Zofunika kusamala pa G3 zilipo. Kumbuyo kwake n'kotsegula, mano amene kiyi amaluma ali poyera, ndiye utuchi umalowa. Wa mlombwa ndi wa mbawa ndi wosalala ngati ufa, ndipo ukasakanikirana ndi girizi umapanga phala louma limene limalemetsa kiyi. Ine Loweruka lililonse ndimaipukuta ndi burashi yakale ya mano n'kuipopa ndi pampu ya njinga, ndipo sindiikamo girizi wambiri. Nyengo ya mvula shedi yanga imachita chinyezi, choncho ndimaipaka mafuta pang'ono kunja n'kuikulunga m'nsanza. SuperNova2 ili ndi chotseka kumbuyo, ndipo amene amapala ndi sandipepa tsiku lonse angaone phindu lake. Nsagwada zili ndi manambala, 1 mpaka 4, ndipo iliyonse ibwerere pa malo a nambala yake. Timasikuluu take ndi tating'ono, tikagwera mu utuchi sitipezeka, ndipo kuno simungangolowa m'sitolo n'kupeza tofanana nato. Ndimamasulira pamwamba pa beseni. Ngati lathe yanu imazunguliranso chobwerera m'mbuyo, dziwani kuti chuck imene sinakhomedwe ku shafuti ikhoza kudzimasula yokha.

Pomaliza mbale, tenoni iyenera kuchoka. Pali nsagwada zazikulu zophwatalala za timabatani ta labala, zotchedwa Cole jaws, zogwira mbale m'mphepete kuti useme kumatako. Sindinagule. Ndimamanga chidutswa cha paini mu chuck, ndimachisema mozungulira, ndimayalapo kachidutswa ka chubu cha galimoto, n'kuvundikira mbale pamenepo, msonga wa kumchira ukuikankha. Ndimasema tenoni mpaka patsale kachitsa konga chala, kenako ndimakadula ndi chizulo chapamanja n'kupala. Zimatenga nthawi pang'ono koma sizidya ndalama.

Kodi aliyense aigule? Ngati ntchito yanu ndi miyendo ya matebulo, zipilala za masitepe ndi misi, ndalamayo muike pa zizulo zabwino ndi mwala wonolera, chifukwa misonga iwiri ija ikukwanirani. Koma ngati mukufuna mbale, mabakuli a zivindikiro, timitondo ta adyo ndi tsabola, kapena zoikamo makandulo, chuck ya nsagwada zinayi imasintha ntchito yonse. Ine mbale imene inkanditengera theka la tsiku pa faceplate, ndi kutseka maenje komwe, pano imatha nthawi yochepa kwambiri, ndipo m'thabwa lochindikala lomwelo ndimatulutsa mbale yakuya chifukwa sindisiyanso mtengo wa masikuluu. Mayi aja anabweranso, anatembenuza mbale monga mwa chizolowezi chawo, anaisisita pansi ndi chala, ndipo ulendo umenewo sanandidule mtengo.

Nsagwada za mamilimita 50 zili ndi malire ake. Sizitha kugwira tinthu tating'ono, ndipo pano ndalandira oda ya zogwirira madilowa ndi tizidutswa ta masewero a chesi, zina za phingo. Ndauza kale alamu kuti akamabwera pa Khirisimasi anditengere nsagwada za mamilimita 25 ndi timasikuluu tina tapadera tosungira. Pakadali pano tizidutswato ndikutisema pakati pa misonga iwiri, n'kumalizitsa kumutu kwake ndi mpeni.